Mulu wa miyala sulankhula wokha

Mawu a lero: Genesis 31:36-55

Mwa anthu onse a m'Baibulo amene adachoka kwawo kukasaka moyo kudziko la eni, palibe amene adafotokoza zowawa za ntchito momveka ngati Yakobo. Tsiku limene Labani adamupeza m'mapiri a Gileadi, atamulondola kwa masiku 7, Yakobo adakhuthula zonse zimene adasunga mumtima kwa zaka 20. Adakumbutsa mkuluyo kuti nkhosa ikajiwa ndi chilombo wolipira adali iye, kuti usana ankapsa ndi dzuwa, usiku n'kumanjenjemera ndi chisanu, tulo osatuona, komanso kuti malipiro ake adasinthidwa kakhumi konse. Ndipo bwana wochita zonsezi sadali mlendo ayi. Adali malume ake enieni, amenenso adali apongozi ake. Yense amene adakhalapo pamphasa ndi agogo amene adapita ku Wenela, kapena adadzutsidwapo pakati pa usiku ndi foni ya mwana wamkazi amene ali ku Oman, akudziwa kuti dandaulo limeneli silidakalambe.

Mlanduwo udatha ndi pangano. Adaunjika miyala, nadyera limodzi pamuluwo. Labani adautcha dzina m'Chiaramu, chinenero cha kwawo, Yakobo adautcha m'Chihebri, ndipo mayina onse awiri akutanthauza mulu wa umboni. Adagwirizana kuti wina asadzadutse muluwo kukachita mnzake choipa. Koma tikawerenga mofatsa tiona kuti m'panganomo mudalibe mawu ndi amodzi omwe onena za malipiro osinthidwa kakhumi aja. Tionanso kuti chimene chidagwira dzanja la Labani sichidali miyala. Mulungu adali atamuchenjeza kale m'maloto, ndipo iye mwini adavomera kuti mphamvu yopweteka Yakobo adali nayo, koma adaopa.

Tasankha mawu amenewa chifukwa mayiko nawonso akhala akuunjika miyala. Kwa zaka zoposa 100 tsopano, nthumwi zawo zakhala zikukumana ku Geneva, ku New York, ku Brussels, ku Colombo, ku Marrakech ndi kwina, kukambirana za anthu amene amaoloka malire kukagwira ntchito. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lidawerengera kuti mu 2019 anthu otere adalipo 169 miliyoni. Nkhani za misonkhano imeneyi zikamveka pawailesi, ambiri a ife timadzuka kukachita zina, poganiza kuti ndi za mabwana ovala mataye. Komatu zimene amakambirana kumeneko ndi za mwana wathu amene akuthirira maluwa ku Cape Town, mlongo wathu amene akukolopa ku Kuwait, ndi mnyamata wa m'kwaya uja amene akuthyola zipatso ku Israel. Tiyenera kufunsa ngati miyala imeneyi ili ndi phindu, ndipo ngati phindulo lilipo, woiyankhulitsa ndani.

Bwalo lakale mwa onsewa ndi la ILO lomweli, limene lidakhazikitsidwa mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha. Chimene chimalisiyanitsa ndi mabwalo ena n'chakuti dziko lililonse limatumiza magulu atatu: a boma, a olemba ntchito ndi a ogwira ntchito. M'malamulo ake oyambirira mudalembedwa kale kuti munthu wogwira ntchito kudziko la eni ayenera kutetezedwa. Chaka chomwecho cha 1919, ku Cape Town, mnyamata wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku mishoni ya Livingstonia, adasonkhanitsa anthu otsitsa katundu padoko n'kuyambitsa bungwe la ICU. Dzina lake adali Clements Kadalie. Iyeyu adali mmodzi wa matchona: adachoka kwawo mu 1915, nagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia asadafike ku Cape Town. Bungwe lake lidakula kuposa lina lililonse la anthu akuda ku South Africa nthawi imeneyo. Mu 1927 Kadalie adanyamuka kupita ku msonkhano wa ILO ku Geneva. Boma la South Africa lidakana kumuvomereza ngati nthumwi ya ogwira ntchito, choncho adafika kumeneko ngati mlendo chabe, wopanda voti. Ku Gileadi, ngakhale Labani adali wamphamvu, Yakobo adadziyankhulira yekha. Ku Geneva mwana wa ku Nyasaland adafika pabwalo lokamba za iye, koma mpando wa ogwira ntchito a dziko limene ankalikhetsera thukuta sadampatse.

Chizolowezi chokambirana za wantchito iye mwini ali panja tidachiona ife a dziko lino kwa nthawi yaitali. Mu 1935 boma la atsamunda lidasankha komiti yofufuza za amuna amene ankachoka ku Nyasaland. Komitiyo idapeza kuti amuna oposa 100,000 adali kunja, ambiri atathamangitsidwa ndi msonkho, ndipo midzi yambiri idatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Chaka chotsatira, maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adakumana ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, nasainirana pangano la momwe antchito aziyendera. Patebulopo padakhala atsamunda okhaokha. Amene ankayenda wapansi kuoloka Zambezi, amene ankapita kumafamu a fodya, adangomva kuti malamulo a zitupa asintha.

Ufulu utabwera mu 1964 ulendowo sudaime, udachita kukula. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa kudzera mwa Wenela. Pangano la maboma awiriwa lidati gawo lina la malipiro a munthu lizisungidwa kuti akalandire akabwerera kumudzi. Njirayi idali ndi ubwino wake, pakuti ambiri adafoleradi nyumba ndi malata, nagula njinga, ng'ombe ndi makina osokera. Koma idalinso njira imene boma linkapezera ndalama zakunja, ndipo palibe amene adafunsa mwini thukuta ngati akufuna kuti ndalama yake igone kaye m'manja mwa ena. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene idanyamula anthu obwerera kumudzi idagwa itangonyamuka pa Francistown ku Botswana. Idali itathiridwa mafuta osayenera. Amalawi 74 adafera pomwepo, atamaliza makontirakiti awo, katundu wa ana ali m'masutikesi. Dr. Kamuzu Banda adaletsa nthawi yomweyo kulemba anthu opita kumigodi. Eni migodi adavutika ndithu, koma posakhalitsa adatembenukira kwa anthu a ku Lesotho, a ku Rhodesia ndi a mu South Africa momwemo. Kulemba kudayambiranso mu 1977, pansi pa dzina latsopano la Teba, koma chiwerengero sichidabwerere mwakale. Kenako mu 1988 maboma awiriwa adasemphana pa nkhani yoyeza magazi: South Africa idafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asadalembedwe, Malawi idakana. Pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi, ambiri osadziwa kuti ndalama zawo za penshoni azikazifunsa kuti. Khomo lidatsegulidwa ndi maboma, lidatsekedwa ndi maboma. Ana a anthu amenewa ndi omwe lero akupita ku Joni pabasi kudzera pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge, opanda pangano lililonse lowatchinga.

Pa nthawi yonseyi miyala idapitirira kuunjikidwa. Mu 1949 ILO idalemba pangano nambala 97, lonena kuti mlendo wolowa movomerezeka alandire malipiro ndi chisamaliro chofanana ndi mbadwa. Mu 1975 idawonjezera la nambala 143, lokhudzanso amene alibe mapepala. Pa 18 Disembala 1990 bungwe la United Nations lidavomereza pangano lalikulu loteteza antchito osamuka pamodzi ndi mabanja awo, ndipo n'chifukwa chake tsiku limeneli limakumbukiridwa chaka ndi chaka. Panganoli linkafuna mayiko 20 okha kuti liyambe kugwira ntchito. Kudatenga zaka pafupifupi 13 kuti apezeke, ndipo lidayamba pa 1 Julayi 2003. Pofika 2024 mayiko amene adalivomereza adali pafupifupi 60, ndipo tikawerenga mayina awo tipeza Philippines, Mexico, Sri Lanka, Bangladesh, Lesotho, Mozambique, ochuluka a iwo mayiko otumiza ana awo kunja. America idalibepo. Britain idalibepo, mayiko a European Union adalibepo, mayiko olemera a Aluya a ku Gulf adalibepo, South Africa nayo idalibepo. Zili ngati chinkhoswe chimene akuchikazi afika onse, akuchimuna osatumiza ndi mmodzi yemwe.

Poona kuti mayiko olemera akuopa kumangidwa ndi lamulo, akuluakulu adayesa njira ina. Mu 2006 Kofi Annan, mwana wa ku Ghana amene adali mlembi wamkulu wa United Nations, adapereka ganizo loti pakhale bwalo limene mayiko azingocheza momasuka, popanda voti, popanda chomangirira aliyense. Bwalolo, lotchedwa Global Forum on Migration and Development, lidakumana koyamba ku Brussels mu Julayi 2007, kenako ku Manila mu 2008, ndipo mu 2012 lidafika mu Africa, ku Mauritius. Munthu angaseke, n'kunena kuti bwalo losagamula mlandu ndi macheza a pansi pa mtengo. Sitikukana. Koma amene adakhalapo pamilandu ya kumudzi akudziwa kuti anthu osalankhulana sungawatengere kwa amfumu tsiku loyamba. Amayamba akhala kaye pamodzi.

Mabwalo a m'zigawo ndi amene ali ndi phunziro lalikulu kwa ife. Mu 2003 mayiko a ku Asia otumiza antchito, monga Philippines, Indonesia, India, Nepal, Bangladesh ndi Sri Lanka, adayamba kukumana paokha ku Colombo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Dziko limodzi likanena kuti atsikana athu sapita pokhapokha mukweze malipiro, wolemba ntchito amangotembenukira kwa dziko losauka loyandikana nalo, monga momwe eni migodi adachitira ndi ife mu 1974. Osauka akamapikisana kutsitsa mtengo wa ana awo, wopindula ndi Labani. Mu 2008 mayiko omwewa adayamba kukhala pansi ndi mayiko olandira antchito a ku Gulf, pa zokambirana za ku Abu Dhabi. Ndipo pamene ena mwa mayiko a ku Asia adayamba kulimba mtima, nthawi zina n'kuletseratu atsikana awo kupita kumayiko ena, maejenti adaloza maso ku Africa: ku Ethiopia, ku Kenya, ku Uganda, kenako kuno. Mu 2024 wailesi ya BBC idaonetsa amayi a ku Malawi oposa 50 amene adapulumutsidwa ku Oman, komwe adalonjezedwa ntchito zabwino koma adapezeka atsekeredwa m'nyumba, mapasipoti atalandidwa. Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana mmodzi, kotero kuti akachoka pakhomopo amasanduka wolakwa ndi iye.

Kuno kumwera kwa Africa nakonso mabwalo alipo. Kuyambira mu 2000 mayiko a m'chigawo chino amakumana pa zokambirana zotchedwa MIDSA. Mu 2018 atsogoleri a African Union adavomereza pangano loti anthu aziyenda momasuka mu Africa, koma pofika 2023 mayiko 4 okha ndi amene adali atalikhazikitsa, pomwe pamafunika 15.

Mulu waukulu koposa udaunjikidwa ku Marrakech, m'dziko la Morocco, pa 10 Disembala 2018. Patatha masiku 9, ku New York, mayiko 152 adauvotera, mayiko 5 adaukana: America, Israel, Hungary, Poland ndi Czech Republic. Panganoli, lotchedwa Global Compact for Migration, lili ndi zolinga 23 ndipo silimanga dziko lililonse. Komabe tikupempha mabanja athu amve zina mwa zimene mayikowa adalonjeza, chifukwa ndi zinthu za pakhomo. Adati wofuna ntchito asamalipiritsidwe ndalama ndi ejenti, mtengo wolembera munthu ukhale wa wolemba ntchito. Adati munthu apatsidwe kontirakiti yolembedwa, ndipo afotokozeredwe m'chinenero chimene amamva. Adati pasipoti ndi kontirakiti za wantchito zisalandidwe. Adati penshoni izitha kumutsata munthu akabwerera kwawo. Adatinso pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama kumudzi utsike kufika pansi pa 3 pa 100 iliyonse. M'chigawo chathu cha Africa mtengowu wakhala ukuzungulira pa 8 pa 100, wokwera kuposa kwina kulikonse. Ndiye kuti mwana akatumiza R1,000, pafupifupi R80 imatsala panjira, pomwe lonjezo likuti isafike R30. N'chifukwa chake ambiri amapatsira madalaivala a mabasi, ndipo nthawi zina ndalama ndi katundu zimathera m'njira.

Kodi mawu opanda wapolisi angasinthe kanthu? Nkhani ya ku Qatar ikutiyankha pang'ono. Mu 2014 nthumwi za ogwira ntchito pa msonkhano wa ILO zidasuma dzikolo chifukwa cha nkhanza za kafala. Maso a dziko lonse adali pa Qatar kaamba ka mpira wa World Cup wa 2022, atolankhani adalemba, mabungwe adafuula. Mu 2017 Qatar idavomera kugwira ntchito ndi ILO. Mu 2020 idasintha lamulo kuti wantchito azitha kusintha bwana popanda chilolezo cha bwana wakale, ndipo mu 2021 idakhazikitsa malipiro otsikitsitsa a 1,000 riyal pamwezi kwa aliyense posaona mtundu. Madandaulo a malipiro ochedwa sadathe, ndipo amene adafera pa zomangamanga sadauke. Koma chinthu chidasuntha. Chidasuntha chifukwa pa bwalo la ILO ogwira ntchito ali ndi mpando, mpando umene Kadalie adamanidwa, ndipo adatenga mawu olembedwa kale n'kuwawerenga mokweza pamaso pa amene adawasainira. Mabwalo ena ambiri tawatchula aja ndi a maboma okha. Mabungwe ndi mipingo amaitanidwa ngati alendo.

Tibwerere kwathu. Mu Novembala 2023, mwezi womwe ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 pa 100, achinyamata 221 adakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Israel. Malo adapezeka chifukwa nkhondo ya ku Gaza itabuka mu Okutobala, antchito ambiri a ku Thailand adabwerera kwawo ndipo a ku Palestine adaletsedwa kulowa. Oyambawa adapita kudzera mwa maejenti, pangano la maboma awiriwa lidasainidwa pambuyo pake, mu Epulo 2024. Ena atumiza ndalama zimene zamanga nyumba ndi kulipira fizi, ndipo sitingawaweruze ife amene sitidawapatse ntchito kuno. Ena adadandaula za malipiro, ndipo ena adabwezedwa atachoka m'mafamu momwe adalembedwa. Akuluakulu a boma sadabise kuti dziko likuyembekezera ndalama zakunja kuchokera kwa anawa.

Apa pali vesi limene kawirikawiri timalidumpha. Yakobo asadathawe, adaitana Rakele ndi Leya kubusa nawafunsa maganizo. Pa Genesis 31:14-16 akazi awiriwa, amene nthawi zambiri sankagwirizana, adayankha chimodzi. Dandaulo lawo lidali lakuti bambo wawo ankawaona ngati alendo, kuti adachita nawo malonda, ndipo phindu la malondawo adalidya yekha. Mlandu umenewu sukupita kwa bwana wa kudziko lakutali. Ukupita kwa kholo. Dziko limene limawerenga ana ake ngati fodya wokagulitsa kunja liyenera kuumva, ndipo banja limene limafunsa kuti watumiza zingati lisadafunse kuti wagona bwanji liyenera kuumvanso. Boma likasainira pangano lotumiza achinyamata, nzika zili ndi chifukwa chofunsa kuti zolembedwamo ndi zotani, ndani adzayendere anawo m'mafamu, wodwala adzalipiridwa ndi yani, ndipo mtembo udzabwera ndi ndalama ya ndani. Phungu wa dera lathu amapemphera nafe Lamulungu. Tingamufunse pakhomo la tchalitchi.

Mpingo si mlendo pa nkhaniyi. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed adachoka ku Nyasaland kupita ku Salisbury kutsata nkhosa zimene zidapita kukagwira ntchito, ndipo ntchito imeneyo ndiyo idabala Sinodi ya Harare ya CCAP. Mpingo wa Katolika wakhala ndi tsiku lopempherera osamuka kuyambira 1914, ndipo kuyambira 2019 limachitika Lamulungu lomaliza la Seputembala. Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito, adaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wochoka kwawo ndi wobwerera, ndipo kuti umphawi wa mlendo usakhale mpata womudyera masuku pamutu. Bungwe la Chikatolika la ICMC, lokhazikitsidwa mu 1951, ndilo lidapatsidwa udindo mu 2011 wosonkhanitsa mabungwe omwe si aboma pa bwalo lija la Kofi Annan. Ku Marrakech nthumwi ya Papa, Kadinala Pietro Parolin, idalipo. Choncho kumtunda mawu a mpingo akumveka. Kumene ali ochepa ndi kumphakati, kumilaga, ku Mvano ndi ku Chigwirizano, kumene mayi amanong'oneza mnzake kuti mwana wanga wapeza mwayi wa ku Dubai, tikugulitsa munda kuti tilipire ejenti.

Pamenepo ndi pamene mawu a ku Marrakech angakhale ndi pakamwa. Mkulu wa mpingo amene akudziwa kuti mayiko 152 adagwirizana zoti wofuna ntchito asalipiritsidwe angafunse mayiyo kuti ndalama ya mundayo ikupita kwa yani, ndipo risiti ili kuti. Angapemphe kuona kontirakiti, n'kuitana mphunzitsi wa m'mpingomo kuti aiwerenge m'Chichewa banja lonse likumva. Angafunse ngati ejentiyo ndi wodziwika ku ofesi ya zantchito, ngati viza ndi ya ntchito kapena ya mlendo wongocheza, ndiponso ngati dziko limene mwanayo akupita lili ndi kazembe wathu pafupi. Angalangize kuti chithunzi cha pasipoti ndi cha kontirakiti zitsale pakhomo. Mwana wathu akamakwatiwa sitimupereka popanda ankhoswe, ngakhale akupita mudzi wachiwiri womwewu. Nanga bwanji timamupereka kutsidya la nyanja kwa munthu amene tangomudziwira pa WhatsApp? Ndipo tisaiwale kuti Labani adali malume. Kawirikawiri wobweretsa uthenga wa mwayi amakhala wachibale, mnzathu wa kusukulu, ngakhale wokhala naye benchi limodzi m'tchalitchi.

Kwa abale athu amene ali kale ku Joni opanda mapepala, pali mawu amene ambiri sadawamve. Mu 2008, chaka chomwe anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo, khoti la zantchito la ku South Africa lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chidatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, bwalo loweruza mikangano ya pantchito. Mu 2013 dzikolo lidavomereza pangano la ILO la 2011 loteteza antchito a m'nyumba, ndipo kuyambira Malichi 2022 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba ndi ofanana ndi a ena onse. Izi sizichotsa mantha a ku Lindela, kumene osowa mapepala amasungidwa podikira kubwezedwa. Koma bwana amene amauza mlongo wathu kuti wopanda pepala alibe malipiro akunama, ndipo mipingo yathu ya ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town ingathe kulengeza zimenezi pamodzi ndi zolengeza za maliro.

Sitingamalize kuloza Labani wa kutali tisadayang'ane kuseri kwa nyumba zathu. Deuteronomo 24:14-15 amalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisadalowe, ndipo lamuloli silisiyanitsa mbadwa ndi mlendo. Kalata ya Yakobo 5:4 imaonetsa malipiro obedwa ngati chinthu chokhala ndi mawu, chimene kulira kwake kumafika kwa Mulungu. M'nyumba zambiri zachikhristu za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu muli mtsikana wochokera kumudzi amene amadzuka woyamba n'kugona womaliza, amene malipiro ake tikumusungira, monga Wenela ankanenera. M'minda ya m'malire muli anthu a ku Mozambique ogwira ganyu. Ndipo mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, mudapezeka manda a anthu pafupifupi 30 amene ankaganiziridwa kuti adali a ku Ethiopia, paulendo womwewo wa ku Joni umene ana athu amayenda. Amayi awo nawonso adagulitsa minda. Zimene tikufuna kuti dziko la Oman lichitire mwana wathu zikuyembekezeredwanso kwa ife, pakuti dziko lino limatumiza, limalandira komanso limadutsitsa.

Pali ngongole imodzi ya masiku a Wenela ndi Teba imene ikadali yotheka kutolera. Fumbi la m'migodi ya golide lidawononga mapapo a amuna ambiri ndi matenda a silicosis komanso TB, ndipo ochuluka adatsokomola mpaka kufa kumudzi osalandira kanthu. Maloya a anthuwa adasuma, ndipo mu 2018 makampani 6 a migodi adavomera kulipira pafupifupi R5 biliyoni. Khoti lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo padakhazikitsidwa thumba la Tshiamiso Trust. Chipukuta misozichi n'cha amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019 n'kudwala matendawa, kuphatikizapo ochokera kunja kwa South Africa, ndipo ngati munthuyo adamwalira, amasiye ake angathe kupempha. Mlandu suola, koma thumbali lidapatsidwa zaka 12 zokha, ndipo amene adabwezedwa mu 1988 ali ndi zaka 30 tsopano ayandikira 70.

Chimene chimalepheretsa ambiri ndi umboni: nambala ya kumgodi, makadi akale a Teba, zikalata za kuchipatala, kalata ya imfa, ndi chosonyeza kuti mayi amene watsalayo adalidi mkazi wa malemu. Mapepala ambiri adadyedwa ndi chiswe kapena adapita ndi madzi osefukira. Koma m'makabati a maparishi ndi masiteshoni athu muli mabuku a maukwati, a ubatizo ndi a maliro, ena olembedwa bwino kuyambira nthawi ya atsamunda, amene angathandize banja potsata zikalata za boma. Kupempha chipukuta misozichi n'kwaulere, choncho aliyense wobwera pamudzi kudzatolera ndalama kuti athandize kulembetsa afunsidwe bwino kuti watumidwa ndi yani. Alembi a mipingo angayambe Lamulungu likudzali pofunsa kuti m'mpingo muno amene adapita ku Teba, kapena amasiye awo, atsala angati, n'kulemba mayina awo ndi migodi imene adagwirako.